Kuseri kwa Kauntala: Mfundo Zofunika Kuchokera ku Banja la Mwini Golosale

Tikamayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Balaka kulowera ku Dedza, maso athu amathamangira ku mbatata za kachewere, makabichi ndi tomato zimene zimaunjikidwa pa Kampepuza, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Lizulu. Koma kuseri kwa milu imeneyo kuli timanyumba ta chitseko chimodzi ndi zenera la waya, mmene muli shuga, mchere, sopo, machesi ndi mafuta ophikira oyeza ndi kabotolo. M'menemo mumakhala munthu amene amatsekula kusanache n'kutseka anthu atagona, ndipo kuchipinda cha kuseri kuli banja lake lonse, limene limadya, kuvala ndi kuphunzira kuchokera m'kabokosi kamodzi ka ndalama. Kodi tinadzifunsapo kuti ntchito imeneyi inayamba liti kuno kwathu, nanga amene anaiyamba anatisiyira nzeru zotani?

Sitolo yokhala ndi denga, mashelefu ndi kauntala si yakale kwenikweni m'dziko muno. Kampani ya African Lakes, imene agogo athu ankangoti Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo amene ankaiyendetsa kuno anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Nyumba yawo yosanja ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipobe mpaka lero. Pambuyo pawo panabwera amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat, amene anayambira kumunsi kwa Shire n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika m'maboma ngati Ntcheu. Pakati pa onsewo panadzukanso eni dziko ochepa, olimba mtima, amene anatsekula masitolo awoawo. Tiyeni tikhale pakhonde la masitolo amenewa, a kuno ndi a kutali, tione zimene eni ake ankasankha tsiku ndi tsiku, pakuti zosankha zomwezo zikutidikira ifenso mawa m'mawa, kaya tili kuseri kwa kauntala kaya kutsogolo kwake.

1. Pali zinthu zimene sitiyenera kuziika pa mtengo. Masitolo asanabwere malonda analipo kale. Makolo athu ankasinthana makasu osulidwa ndi amisiri a m'midzi, mchere, fodya, mbuzi ndi mapira. Koma m'zaka za m'ma 1800 njira zochokera ku gombe la nyanja ya mchere zinabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndipo eni katunduyo ankafuna zinthu ziwiri, minyanga ya njovu ndi anthu. David Livingstone atachoka kwa Mponda mu 1866 n'kukwera mapiri a Kirk Range, anapeza midzi ya anthu akhama pa ulimi ndi pa kusula zitsulo, koma ogona ndi mantha a nkhondo ndi a ogwira akapolo. Tikamva zimenezi timanyansidwa, ndipo n'koyenera. Komabe tisaiwale kuti amene ankapereka mwana wamasiye kuti alandire mikwamba ingapo ya nsalu anali munthu wa pamudzi, wokhala ndi ana ake, woitanidwa pa maliro ndi pa ukwati, amene tsiku lina anangodziuza mumtima kuti malonda ndi malonda basi. Mawu amenewo sanafe. Tinawamva zaka zija masacheti a mowa anadzaza m'maokala, ana a sukulu n'kumawayamwa panjira, mpaka boma linawaletsa mu 2015. Timawamva pamene deti lafufutidwa pa chitini cha mkaka, kapena pamene chimanga cha m'nkhokwe chapakidwa utoto n'kumangidwa m'pepala la mbewu yamakono. Kodi mlimi wa ku Kandeu amene wabzala mbewu yoteroyo, n'kupalira, n'kuthira feteleza wa ngongole, n'kudikira miyezi inayi, tamugulitsa chiyani? Tamugulitsa njala ya chaka chathunthu, ife tikumwetulira n'kumuuza kuti apite bwino. Mwini golosale timamudziwa ndi zimene zili pashelefu yake, inde, koma timamudziwa koposa ndi zimene anakana kuikapo, ngakhale anzake onse a pamsika ankazigulitsa ndi kumuseka kuti sadziwa geni.

2. Tizikumbuka mutu umene unasenza katundu. Belo la nsalu lisanafike pashelefu ya Mandala linkayenda ulendo wautali. Linkabwera pa sitima yaikulu mpaka ku Quelimane, ndipo kuyambira cha m'ma 1890 ku Chinde. Kenako pa timasitima ta mu Zambezi ndi mu Shire mpaka cha ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo mathithi ankatseka njira ya pamadzi, mwakuti katundu yense ankakwera phiri pa mitu ya anthu kupita ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope. Amtengatenga ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, phazi lili pansi, dzuwa lili pamutu, ndipo ambiri mwa iwo anali a kuno kwathu ku Ntcheu. Mu 1884 m'busa David Clement Scott wa Mishoni ya Blantyre anakacheza kwa Inkosi Chikuse ya Angoni ku Domwe, ndipo m'zaka zotsatira Angoni amene poyamba ankaoloka Shire ndi zishango anayamba kuoloka kukafuna ntchito. Malipiro awo anali nsalu yoyera. Msonkho wa nyumba wa masheleni atatu utafika m'zaka za m'ma 1890, ulendo umene unali wa kufuna kwa mwini unasanduka wokakamiza. Mkangano wa pakati pa boma la atsamunda ndi Inkosi Gomani woyamba, wolimbirana kuti mwini anthu amenewa ndani, unathera pa kuphedwa kwa mfumuyo pa 27 Okutobala 1896, ndipo manda ake ali ku Nkolimbo kumene Angoni a Maseko amasonkhana chaka ndi chaka. Maina a abale a Moir ali m'mabuku, koma maina a osenza aja mulibemo. Ife amene tikudziwa kuti anali agogo athu, tingalole bwanji kuti zomwezo zichitike pakhomo pathu? Taonani wa kabaza amene wamanga mabelo atatu a shuga kumbuyo kwa njinga, akukankha pa chitunda, malaya atamatirira kumsana. Taonani mtsikana amene tinamutenga kumudzi kuti azigulitsa, amene amadya nsima yozizira ataimirira chifukwa makasitomala sakutha. Kodi malipiro ake amafika pa tsiku limene tinapangana, kapena timati adikire tikaode kaye? Ndalama ikasowa m'kabokosi, timayamba tafunsa ana athu, kapena chala chimangolunjika kwa iye? Phindu limene timawerenga usiku lili ndi thukuta la anthu ena, ndipo ulemu woyamba umene tingawapatse ndi kuwalipira mokwana, pa nthawi yake, popanda kuwachititsa kupempha.

3. Muyeso woona ndiwo mpamba woyamba. Nthawi imene nsalu inali ndalama, ankayeza ndi mkono ndi mkwamba, ndipo wogulitsa wochenjera ankadziwa kuikoka nsaluyo poyeza kuti italike pamaso n'kukafupika kunyumba. Vuto limeneli silinali la kuno kokha. Ku England, m'zaka zomwezo, ogulitsa ena ankasakaniza choko mu ufa wa tirigu, masamba a kutchire m'masamba a tiyi, n'kumaberanso pa sikelo, ndipo ovutika anali osauka amene analibe kwina kogula. M'tauni ya Rochdale anthu 28, ambiri mwa iwo owomba nsalu, anatopa nazo. Anasonkha paundi imodzi aliyense, ndipo pa 21 Disembala 1844 anatsekula kasitolo kawo pa msewu wa Toad Lane. Pashelefu panali batala, shuga, ufa wa mitundu iwiri ndi makandulo ochepa basi. Chimene anali nacho chambiri linali lonjezo lakuti katundu sadzasakanizidwa ndipo muyeso udzakhala wokwana. Lero makopaletivi ambiri a dziko lapansi amaloza kasitolo kameneko kuti n'kumene anachokera.

Tsopano tibwerere kwathu. Kamtsikana ka zaka 7 kanyanyamphira kuti chibwano chifike pa kauntala, ndalama itakwinyika m'kadzanja konyowa ndi thukuta. "Odi agogo, akuti mundipatse mchere ndi mafuta a 500, chenje mundimangire m'pepala." Sikadziwa kuwerengera. Sikadziwa kuti kachitini koyezera kakhoza kuphwanyidwira m'kati kuti kazitenga pang'ono. A Malawi Bureau of Standards, amene amayendera masikelo, ali kutali, ndipo m'golosale mulibe munthu wina. Pa kanthawi kochepa kameneko m'pamene munthu amaoneka mmene alili. Amayi a mwanayo akakweza kabotolo n'kuyang'ana padzuwa, sabwera kudzakangana ayi. Amangomuuza kuti mawa akagule kwina, ndipo nkhaniyo imakamveka ku mjigo dzuwa lisanalowe. Koma akaona kuti mafuta afika pa mzere ndipo chenje chakwana mpaka kandalama komaliza, adzatuma mwanayo komweko zaka khumi, ngakhale patsekulidwe golosale ina yopaka penti yowala pafupi ndi nyumba yawo. Nafenso ogula funso likutipeza: wogulitsa akasokonezeka n'kutibwezera chenje chopitirira, timabwerera, kapena timafulumiza phazi n'kumati lero ndadzuka ndi mwayi?

4. Chifundo chisaphe mpamba, mpamba usaphe chifundo. Pafupifupi m'golosale iliyonse muli kachikwangwani kakuti ngongole mawa, ndipo pansi pa kauntala yomweyo pali kope lodzaza maina. Apa m'pamene mtima wa wamalonda umayesedwa koposa pena paliponse. Ngongole payokha si tchimo. M'nthawi ya atsamunda panali lamulo lakuti wamalonda wachilendo akakongoza munthu wakuda katundu woposa paundi imodzi, khoti silingamuthandize kuitanitsa ngongoleyo. Ankati akuteteza eni dziko, koma zotsatira zake zinali zakuti munthu wakuda wofuna kuyamba sitolo sankatha kutenga katundu wambiri kwa opikulitsa n'kudzalipira atagulitsa, pamene amwenye ankakongozana okhaokha, m'bale kudzutsa m'bale. Popanda kukhulupirirana malonda sakula.

Koma mbiri yathu ili ndi phunziro linanso. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti achoke m'midzi ndi m'maboma ang'onoang'ono, ndipo pofika 1978 malonda awo anatsala m'mizinda yokha. Masitolo aja a makonde aatali anatsala m'manja mwa eni dziko, ndipo kunatsekulidwa Chipiku kuti aziodako katundu pafupi. Ena anapirira n'kukula, koma m'malo ambiri mashelefu anayera patangopita zaka zochepa. Zifukwa zinali zingapo: mpamba wochepa, kuvuta kwa mayendedwe, kusazolowera kulemba mabuku. Chifukwa china n'chimene chimatikhudza pamtima, ndipo sitikonda kuchitchula: katundu anapita ndi achibale.

Malume afika madzulo, chipewa chili m'manja. "Mphwanga, kunyumba kwagwa alendo a chinkhoswe. Tandipatsako shuga mapaketi awiri ndi sopo, ndikagulitsa mbatata Loweruka ndidzakupatsa." Kodi tiyankha bwanji? Tikakana, tanyoza munthu amene anatilipirira fizi. Tikangopereka osalemba, mawa kubwera azakhali, mkuja alamu, ndipo mwezi usanathe tilibe chokaodera. Wanzeru amayankha motere: "Malume, paketi imodzi iyi ndakupatsani ine, musaiganizirenso. Koma inayo ndi sopoyu n'za golosale, ndilemba m'kope, Loweruka tidzaonane." Mphatso yatchulidwa dzina lake, ngongole nayo yatchulidwa dzina lake, ndipo onse awiri adzagona tulo. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo sananame. Chimene chimaziziritsa chibale ndi ngongole yosatchulidwa, ija imachititsa malume kuyamba kuzungulira njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti asadutse pakhomo pa golosale.

Mbali inayo tisaiiwale. Mu Febuluwale, nkhokwe zitagona, pamabwera mayi wamasiye amene tikudziwa bwino lomwe kuti sadzabweza. M'njala ya 1949 anthu a ku Blantyre ndi madera ozungulira ankayenda wapansi masiku angapo kudzasuma kuno ku mapiri a Ntcheu, ndipo ambiri anapulumuka chifukwa wina anawatsekulira nkhokwe. Ndife ana a anthu amenewo, opatsa ndi opatsidwa omwe. Kupatsa n'kuika. Njira yake ndi kupatula gawo la phindu mwezi ndi mwezi, lochepa kapena lambiri, limene tikudziwa kuti n'la chifundo, kuti tikamapereka tizipereka ndi nkhope yowala, osakhudza mpamba umene ukudyetsa ana athu. Ndipo ife amene maina athu ali m'kope lija, tidziyang'ane. Si ife kodi amene tikakhala ndi ndalama m'manja timakagula kwina, n'kumabwerera kwa wotikongozayo tsiku limene thumba lauma? Tikatero tamulanga chifukwa cha ubwino wake.

5. Golosale ndi ya banja lonse, ngakhale chikwangwani chili ndi dzina limodzi. Amene anaona masitolo a amwenye m'maboma athu amakumbuka kuti banja linkakhala kuseri kwa sitolo komweko, fungo la ndiwo likumveka pa kauntala, mwana akuwerenga mabatani, telala akupalasa makina pakhonde. Kulikonse pa dziko ntchito imeneyi yakhala ya pabanja. M'tauni ya Bolton ku England munali mwini golosale wina, James Lever, munthu wopemphera ndi wosamwa mowa, bambo wa ana khumi. Mwana wake William, wobadwa mu 1851, analowa m'sitolomo asanakwanitse zaka 17, ndipo bambo ake sanamukhazike pa mpando wa bwana. Ntchito yake yoyamba inali kudula sopo, amene masiku amenewo ankabwera wautali wopanda dzina, n'kumamukulunga m'mapepala. Anadula sopo, anaphunzira mabuku a ndalama, anayenda m'masitolo ang'onoang'ono kutenga maoda, mpaka anadziwa chimene mayi wochapa amafuna. Mu 1884 anapatsa sopo wake dzina lakuti Sunlight, ndipo chaka chotsatira iye ndi mng'ono wake James anayamba kampani ya Lever Brothers. Dzina la Sunlight limene timaliona pa mashelefu a ku Bilila ndi ku Kasinje linayambira m'manja mwa mnyamata wodula sopo m'golosale ya bambo ake. Ana athu nawo akhoza kuphunzira pa kauntala masamu, ulemu kwa akulu, kudekha ndi kasitomala wovuta, ndi kusiyanitsa ndalama yogulitsa ndi phindu. Koma kauntala isawadyere sukulu. Mwana amene amajomba tsiku lililonse la msika kuti athandize kugulitsa akulipira mtengo umene sanaupangane. Nanga mayi wa pakhomo? Ndiye amakhala m'golosale bambo akapita kukaoda ku Limbe kapena ku Lilongwe, mwana ali kumsana, mphika uli pamoto. Ndiye amadziwa kuti mchere ukuyenda ndipo bisiketi wagona. Kodi akudziwa ndalama zimene zili ku banki? Kodi akudziwa nambala yachinsinsi ya foni imene imasunga ndalama za golosale? Kodi amafunsidwa maganizo tisanagule njinga yamoto? Kumene mwamuna ndi mkazi amawerengera limodzi usiku, ndipo aliyense wotenga paketi ya shuga kupita nayo kukhitchini amailemba, bambo yemwe, golosale imaona zidzukulu.

6. Chuma chikamakula, chikumbumtima chikule nacho. Nkhani ya William Lever ili ndi tsamba lina limene sitiyenera kulidumpha. Mu 1888 anayamba kumangira antchito ake mudzi wa nyumba zabwino, Port Sunlight, ndipo anthu anamutamanda. Koma mu 1911 kampani yake inalandira malo aakulu ku Congo, kwa boma la Belgium, kuti izipezako mafuta a kanjedza opangira sopo, ndipo kumeneko anthu akuda ankakakamizidwa kukwera mitengo ndi kusenza zipatso pa malipiro ochepa. Anali munthu mmodzi yemweyo, wachifundo kwa amene ankawaona, wouma mtima kwa amene anali kutali ndi maso ake. Ngozi imeneyi siyembekeza kuti tikhale ndi mafakitale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anamvetsa kuti wogulitsa ayenera kukweza mitengo kuti athe kukaodanso. Koma kubisa shuga kuchipinda n'kumauza anthu kuti watha, podikira kuti mtengo ukwerenso, imeneyo ndi nkhani ina. Tinali ndi okala imodzi tinkapereka moni kwa aliyense. Tsopano tili ndi masitolo atatu ndi galimoto, kodi tikuwadziwabe maina a amene akutigwirira ntchito?

7. Tiike mwa ana zimene munthu sangawalande. Mmodzi mwa eni dziko oyamba kukhala ndi masitolo anali Duncan Njilima, amene anadzera ku Mishoni ya Blantyre, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali kale ndi minda ndi malonda ake m'dera la Blantyre ndi Chiradzulu. Inali nthawi imene munthu wakuda wovala nsapato ndi chipewa ankaonedwa ngati wamwano, ndipo amalonda akuda ochepawo anayesa kugwirana manja pokhazikitsa bungwe la Natives Industrial Union mu 1909. Njilima anachita chinthu chimene ambiri a nthawi yake sakanachilota. Mu 1906, m'busa wakuda wa ku America, Landon Cheek, amene ankagwira ntchito ndi John Chilembwe ku Mbombwe, akubwerera kwawo, Njilima anamupatsa ana ake awiri, Matthew ndi Frederick, kuti akaphunzire kutsidya kwa nyanja. Taganizani mtima wa mayi wa anawo tsiku lotsanzikana, nthawi imene kalata inkayenda miyezi. Taganizani manja anayi amene sitolo inataya. Kenako kunabwera 23 Januwale 1915. Kuukira kwa Chilembwe kunagwedeza dziko mpaka kuno ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama anasonkhanitsa anthu ake n'kuphedwa, ndipo Duncan Njilima naye anali mmodzi mwa amene boma la atsamunda linawapha. Ntchito ya zaka zambiri inaima tsiku limodzi. Koma ana aja anali ndi maphunziro awo m'mutu. Frederick anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku France m'gulu la asilikali a Britain, analandira mendulo ya kulimba mtima, ndipo nkhondo itatha anabwerera kwawo ali munthu wotha kuima pamaso pa boma lomwelo n'kulankhula. Sitolo ikhoza kupsa, ikhoza kuthyoledwa, ikhoza kumezedwa ndi katapila. Choncho chaka chimene mbatata zagulidwa bwino ndipo kabokosi kalemera, tikamasankha pakati pa kuwonjezera chipinda china ndi kulipira fizi ya mwana wa fomu 3, tidziwe chimene tikusankha. Ndipo mwana wamkazi asakhale woyamba kusiyitsidwa sukulu chifukwa chakuti ndiye wokhulupirika pa kauntala. Kukhulupirika kwakeko n'chifukwa chokwanira chomupititsira patsogolo.

8. Tikonze za mawa tikadali ndi mpweya. Tonse tinaonapo zimene zimachitika mwini golosale akatsikira kuli chete. Maliro asanatuluke m'nyumba, wina wafunsa kale makiyi. Pomafika tsiku lometa, mashelefu agawidwa, sikelo yapita kwina, firiji kwina, ndipo mayi amene anakhala pa kauntala zaka makumi awiri wabwerera kwawo ndi ana ndi kathumba ka zovala. Amene atenga katunduyo nawo sapita naye patali, chifukwa sanaphunzire kuoda, ndipo pakatha chaka chitseko chimakhala chotseka. Kodi ndi mwambo wa makolo umenewu? Mwambo unkati malume ndi nkhoswe, woyang'anira ana a mlongo wake, ndipo abale a mwamuna ndi mthunzi wa ana a m'bale wawo. Sunati alande. Kuyambira 2011 dziko lathu lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Komabe lamulo limafika mochedwa pamene mwini wake anachoka osanena kanthu. Ambiri timaopa kulemba wilo poganiza kuti tikudziitanira imfa, chonsecho timabzala mitengo ya mango imene sitidzadya zipatso zake zonse. Wilo ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Abale a mbali zonse ziwiri aitanidwe tikadali moyo, amve kuchokera pakamwa pathu kuti golosale idzatsala ndi yani. Kope la ngongole, maina a amene timaodako katundu, ngongole zathu za ku banki m'khonde, ndi pamene pali makalata a malo, mayi wa pakhomo ndi mwana wamkulu azidziwe kuyambira sabata ino.